Ndowa Imene Ndidamata Sopo

Ndidali ndi zaka khumi ndi zinayi, kapena zisanu, sinditsutsa. Amayi sadasunge pepala, ankangoti ndidabadwa anthu akuwokera fodya. Chimene ndikudziwa n'choti nthawi imeneyo mawu anga adali atakula kale kuposa thupi. Ine Dafuleni ndikaitana munthu ndili pakati pa msika wa Mitundu, agalu a kuseri kwa chigayo ankayamba kuuwa. Mpaka lero, funsani aliyense. Kukagwa maliro kwathu kuno satuma mwana pa njinga, amangoti, “Kauzeni a Dafuleni alengeze.” Sukulu ndidalekezera Sitandade 2 ndipo cholembera chimandilemera kuposa khasu, koma nkhani iyi yandikhala pakhosi zaka zambiri. Lero ituluke basi.

Bambo anga adapita ku Joni ine ndikukwawa, ndipo adatchona. Amayi adatsala ndi ana anayi, tsiku lililonse ali m'minda ya eni pa ganyu. Nditaona kuti pakhomo palibe wondikoka khutu, ndidasamukira pamsika. Tidalipo kagulu ndithu. Tinkasolola nzimbe m'ngolo zikuyenda, kutola zitumbuwa mwini wake akacheuka, kutchova njuga kuseri kwa bucha. Amayi ogulitsa malonda ankatitcha akhwangwala. Apolisi akabwera kudzasesa a vakabu tinkathawira kudambo, kukabisala m'mabango. Anzanga awiri tsiku lina sadathamange bwino. Mmodzi mwa iwo sindidamuonenso.

Kumapeto kwa msika, pansi pa mkuyu, padali chisakasa cha a Sandalamu, mmisiri wokhoma ndowa. Kwawo kudali ku Nathenje, koma adakhazikika ku Mitundu chifukwa alimi a fodya kuno ankalimbirana makeni awo othirira nazale. Adali munthu wamfupi, wa zala zodzaza zipsera, wolankhula motsitsa moti unkachita kuwerama kuti umve. Chuma chawo chonse chidali chidutswa cha njanji chokhomerapo, sizasi yaikulu yodulira malata, ndi nyundo ziwiri, yachitsulo ndi yamtengo.

Ine ndinkawabera tizidutswa ta malata n'kumapangira galimoto zoseweretsa. Tsiku lina adandipeza ndili chogwada kuseri kwa chisakasa, manja ali m'mulu. Ndidakonzeka kuthawa, koma iwo sadagwire ine ayi. Adatola lole yanga imene ndidaiika pansi. Adaitembenuza uku ndi uku, n'kutsegula kachitseko kake, n'kukatsekanso.

“Apa wapinda ndi chiyani?”

“Ndi mwala.”

“Mwala,” adatero, akugwedeza mutu. “Nanga utagwira nyundo? Ubwere mawa m'mawa. Zakubazi usiye, zidutswa ndizikupatsa ndekha.”

Lamulungu lotsatira adakwera njinga mpaka kwathu. Adavula chipewa, adakhala pa mpando wa ndalema, ndipo adapempha amayi kuti andiphunzitse ntchito, ngati kuti akupempha chinthu cha mtengo wapatali. Amayi adalira. Sindidali woyamba. Anyamata a pamsika ankatitola mmodzimmodzi chomwecho, ndipo anthu ankaseka kuti a Sandalamu akuweta akhwangwala. Iwo ankangopitiriza kukhoma ndowa zawo. Masana ankatiotchera chinangwa pa mbaula, ndipo apolisi akabwera kudzasesa ankaima pakhomo pa chisakasa n'kunena kuti, “Awa ali pa ntchito. Ndi anga.” Chibadwire padalibe mwamuna amene adanenapo za ine kuti ndi wanga.

Chaka chimenecho tidali awiri, ine ndi Fanuelo, mwana wamasiye wachibwibwi. Fanuelo adali wochedwa pa chilichonse: kulankhula, kudya, kupinda waya. Ine ndidali moto. Miyezi yoyamba tinkangowongola zitini zakale za parafini ndi mawaya opindika, kenaka koloboyi, kenaka mbaula, kenaka zogwirira za ndowa. Fanuelo akamaliza chimodzi, ine ndamaliza zitatu. Sindikudzitama, ndi mmene zidalili. Ndipo ndikamakhoma ndinkafuna kuti atsikana a pamzere wa kuchigayo amve kuti pali mwamuna akugwira ntchito. Nyundo yanga inkalira mpaka kumsewu.

“Dafuleni,” ankatero a Sandalamu, “latali si logontha. Lankhula nalo pang'onopang'ono.”

Ndinkavomera ndi pakamwa pokha.

Tsono a Sandalamu adali ndi mwambo wawo, ndipo Mitundu yonse inkaudziwa. Mnyamata akafika popanga ndowa yake yoyamba, ankampatsa lata latsopano, iwo n'kupinda manja osathandiza. Kuyesa ndowayo ndi madzi mseri kudali koletsedwa. Tsiku la msika likakwana, mnyamatayo ankapita nayo kumjigo, kuidzaza mpaka pakamwa, kuika nkhata pamutu, n'kusenza kudutsa pakati penipeni pa msika mpaka pansi pa mkuyu. Taganizani inu, mnyamata wometa kale ndevu ziwiri, kusenza madzi pamutu ngati mtsikana, anthu onse akuona! Amayi a pamsika ankautcha mwambowu ubatizo, chifukwa aliyense amene adauyenda ankafika atanyowa.

Ndili khwangwala ndidaonapo anyamata awiri akubatizidwa chomwecho, ndipo amene ankaseka kwambiri msika wonse ndidali ine. Ndinkawatsatira pambuyo ndikukuwa, “Mvula! Mvula! Anulani ufa!” Mumtima ndinkati ndowa zawo zikudontha chifukwa eni ake ndi mbuli. Choncho nthawi yanga itayandikira ndidalumbira pamaso pa anzanga akale a njuga kuti ine ndidzakhala woyamba kufika pamkuyu malaya ali gwa, ouma.

Tidapatsidwa malata kutatsala tsiku limodzi. Ndidadula, ndidapinda, ndidalumikiza msoko wa m'mbali, ndidalowetsa thako la ndowa, ndidakulunga waya kukamwa. Dzuwa lisanapendeke ndidali nditamaliza, Fanuelo akadalimbana ndi sizasi. Idali ndowa yokongola, anthuni. Inkawala ngati yam'sitolo. A Sandalamu atachoka kukagula makala, mtima udandinyenga. Ndidazemba nayo kuseri n'kuthiramo kapu imodzi ya madzi.

Kadontho kadatuluka pansi, pamene msoko wa m'mbali ukumana ndi thako. Kamodzi. Kenaka kena.

Ndidatenga nyundo yachitsulo n'kumenyapo mwamphamvu. Ndidathiranso madzi. Tsopano sikadalinso kadontho, kadali kamzere. Kufunsa a Sandalamu kukadaulula kuti ndaswa lamulo, komanso ine Dafuleni kufunsa? Madzulo amenewo ndidapita nayo kunyumba, ndidatenga kachidutswa ka sopo kamene amayi ankasunga pa denga kochapira zovala za kutchalitchi, ndidakafinyira mumsoko monse ndi chala chachikulu, ndipo pamwamba ndidapakapo phulusa kuti mtundu usaoneke. Ndidayesa ndi kapu. Gwa! Ndidagona ngati mfumu.

Kudali mwezi wotentha uja mitengo ikaphuka masamba ofiira. Msika udadzaza, fumbi ndi fungo la usipa zili tolo. Woyamba adali Fanuelo. Ndowa yake idadontha malo atatu asanachoke n'komwe pamjigo. Madzi ankayenderera m'makutu, m'khosi, mpaka m'kabudula. Amayi adayamba nthungululu, ana akuthamanga pambuyo, ndipo iye, chitsiru cha munthu ndinkatero ine, ankangoseka mano onse pamtunda, akuyenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. Atafika pamkuyu adatula theka la madzi. A Sandalamu adangomgwira paphewa.

Kenaka ine. Ndidasenza, ndidaima chilili, ndidatsegula kukhosi: “Tayang'anani kuno, anthu a ku Mitundu! Lero muona ndowa!”

Msika udatembenuka wonse. Ndidadutsa ogulitsa nsomba, wouma. Ndidadutsa a mchere, wouma. Phokoso lidayamba kuzirala, anthu akuyang'anitsitsa malaya anga, ndipo ndidamva wina akuti, “Koma mwanayu ndi mmisiri.” Ndidachepetsa dala liwiro kuti andione bwino. Kuchedwa kumeneko ndiko kudandipha, chifukwa sopo ndi madzi sasungirana chinsinsi nthawi yaitali.

Pofika pa mzere wa tomato ndidamva kozizira pankhongo. Kenaka nkhata idayamba kuterera. Kenaka china chake chidatsikira pamphumi n'kulowa m'maso, ndipo maso adayamba kuwawa ngati ndathiridwa tsabola. Manja onse awiri adali ku ndowa, sindikadatha kupukuta. Madzi ankakhavukira uku ndi uku ndi kuyenda kwanga, ndipo chimene chinkatsika sichidali madzi wamba. Lidali thovu loyera, lochita kununkhira.

Padali mayi wina wa tomato, Nachisale, wa pakamwa ngati lumo. Adaimirira, manja m'chiuno.

“Abale inu, uyu sakubatizidwa ayi, akusamba! Tampatsani chinkhupule atsirize!”

Kuseka kumene kudabuka pamenepo ndimakumvabe. Anthu ankagwirana mapewa, ena kukhala pansi. Anzanga a njuga adayamba kuimba, “Sopo! Sopo!” Ndidayenda chakhungu, misozi ndi thovu zasakanikirana, mpaka ndidagunda mzati wa chisakasa n'kuponya ndowa pansi.

A Sandalamu sadaseke. Adawerama, adapisa chala mumsoko, adachitikita, adanunkhiza. Adalankhula motsitsa monga mwa masiku onse, moti ndidamva ndine ndekha.

“Kudontha si mlandu, mwana wanga. Sopoyu ndiye wandipweteka. Pita ukasukusule m'maso. Ubwere mawa m'mawa, pali chimene ndikuonetse.”

Akadandimenya mbama mwina ndikadabwera. Koma ulemu wawowo udandiwotcha kuposa sopo. Ndidakuwa kuti msika wonse umve: “Sindine mkazi ine woti ndizisenza madzi! Khalani nazo ndowa zanuzo!” Ndidachoka ndikupukuta m'maso ndi malaya.

Mawa lake sindidapite. Mkuja wake sindidapite. Kulikonse kumene ndinkadutsa, ngakhale tiana tamamina tinkati, “Sopo uyo!” A Sandalamu adabwera kwathu kawiri. Ulendo woyamba ndidabisala kuseri kwa nkhokwe, ndikuwamva akuuza amayi kuti, “Manja aluso ngati a mwanayu sindidawaonepo chiyambire ntchito. Mumuuze kuti sindidakwiye.” Ulendo wachiwiri ndidatulukira pa zenera. Amayi adalankhula mpaka mawu adawathera. “Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, Dafuleni,” ankatero. Ine ndinkangoti zawo izo.

Masiku amenewo chipani chidali chimodzi, ndipo pa chipata cha msika pankaima anyamata a malaya ofiira, ofunsa khadi la chipani. Wopanda khadi sankalowa, kaya wasenza thumba kuchokera ku Diamphwe. Mkulu wawo adandimva tsiku lina ndikutukwanizana ndi ondiseka, ndipo adati, “Mawu ngati amenewa akungowonongeka. Bwera kuno.” Adandiveka malaya ofiira aakulu ofika m'mawondo, n'kundipatsa ndodo. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Sopo lidafa, pamaso panga. Ndikakuwa kuti “Makhadi m'manja!” mzere wonse unkanjenjemera. Nachisale adaiwala lake tsiku lina ndipo ndidambweza ndi dengu lake la tomato, akundichonderera kuti, “Achimwene, pepani.” Achimwene, ine! Ndinkaona ngati ndakwera kumwamba.

Patapita miyezi iwiri kapena itatu, a Sandalamu adafika pa chipata m'mawa akukankha njinga, ndowa zatsopano zitamangidwa mulu kumbuyo, Fanuelo akugwirira. Masiku ena onse ndinkawazemba, koma tsikulo ndidali patsogolo ndipo anzanga ankandiyang'ana.

“Khadi, madala!” ndidakuwa, ngati kuti ali kutsidya kwa mtsinje.

Adavula chipewa, adatulutsa khadi m'kati mwake, adandipatsa ndi manja awiri. Lidali labwinobwino. Pobweza, adayandikira khutu langa.

“Ndowa yako ndaisunga. Ntchito yatsala ndi ya tsiku limodzi. Ubwere mawa.”

Mmodzi wa anzanga adamva mawu oti ndowa, ndipo adatsokomola moseka. Basi, kutsokomola kokhako. Ndidakweza phazi n'kukankha gudumu la njinga. Idagwa, chingwe chidaduka, ndowa zidabalalika mumsewu zikulira ngati mabelu, zina kuphwanyika m'mbali. A Sandalamu, munthu wa msinkhu wa bambo anga, adagwada m'fumbi n'kuyamba kutola imodziimodzi, akupukuta iliyonse ndi mkono wa malaya. Fanuelo adandiyang'ana, akufuna kutulutsa mawu, koma chibwibwi chidamgwira. Ndikadakonda akadanditukwana.

Sadabwerenso kwathu, ndipo sadandiuzenso za mawa.

Nthawi imeneyo n'kuti ku Lilongwe akumanga likulu latsopano, nyumba zikumera ngati bowa. Ankafuna anthu odziwa kupinda malata a madenga ndi ngalande zolandira madzi a mvula. A Sandalamu adavala jekete lawo, adakwera basi ndi Fanuelo, adakampereka m'manja mwa kapitawo wina amene ankadziwana naye. Ndidamva kwa amayi kuti kapitawoyo adapempha anyamata awiri. Adapita mmodzi.

Ine malaya ofiira adandipatsa mantha a anthu, koma mantha a anthu saphikidwa. Nditakwatira ndidapita kukakhala tenanti ku esiteti ya fodya, zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndidabwerako ndi chifuwa ndi bulangete limodzi. Ndakhala wonyamula matumba, mlonda, woitanira basi pa siteji. Kukhosi kwandidyetsa, sindikana, ndipo ana anga asanu sadagone ndi njala kawirikawiri. Koma ntchito ya kukhosi ilibe chimene ungaloze n'kunena kuti ichi ndidapanga ndine.

Imvi zitayamba, ndidapita ku Nathenje ku maliro a kuchikazi. Pobwerera, ndikudikira basi, ndidamva kulira kwa nyundo kuseri kwa masitolo, ndipo miyendo idangonditengera komweko. Idali shedi yanjerwa, ndowa ndi makeni zili mbwee panja, anyamata anayi ali pa ntchito. Mwini wake, wonenepa, wa magalasi, adandiyang'ana nthawi yaitali.

“Da-Dafuleni!”

Adali Fanuelo. Adandikumbatira ngati palibe chidachitika. Adandiuza kuti a Sandalamu maso atafooka adabwerera kwawo ku Nathenje, iye n'kuchoka m'tauni kudzawasunga, ndipo adamwalira dzinja lapitalo. Anyamata anayiwo adawatola pa siteji, monga tidatoledwera ife. Kenaka adalowa m'kati n'kutuluka ndi ndowa yakuda ndi utsi, yotiwizika mbali imodzi. Ndidaidziwa isanafike pafupi. Ndidadziwa kakulungidwe ka waya wanga.

“Adakana kuigulitsa, adakananso kuti ndiikonze. Ankati mwi-mwini wake abwera.”

Ndidaseka mokweza kuti anyamata aja asaone nkhope yanga. “Ndowa yodontha ngati iyi, yosungiranji? Ine ntchito imeneyi idandikana.”

Fanuelo adavula magalasi. “Siidakukane. Kodi sudadziwe mpaka lero? Palibe ndowa yoyamba imene ikadasunga madzi. Ngakhale yako, ngakhale ya ndani. Kutseka msoko wa pansi adali asa-asanatiphunzitse. Ankabisa dala. Ankaphunzitsa m'mawa wotsatira ubatizo, kwa amene wabweranso.”

Ndidakhala pansi pa chitini.

“Ankati mmisiri adzalakwitsa pamaso pa anthu moyo wake wonse. Mayi adzabweza ndowa, akukalipa msika wonse ukumva. Tsono iwo ankafuna aone kaye ngati mwana angathe kunyowa, kusekedwa, n'kubweranso. Ine adandionetsa m'mawa womwe uja. Ndi nyundo yamtengo, Dafuleni, osati yachitsulo. Tiyi asanazizire ndidali nditadziwa.” Adakoka mpando pafupi ndi njanji, njanji yomwe ija. “Khala apa ndikuonetse. Si-sizitenga nthawi.”

Apa ndiye pamene pamandiwawa kulemba. Anyamata anayi aja adali atasiya ntchito, akuyang'ana mdala wa imvi amene akufuna kuphunzitsidwa za ana. Mmodzi adamwetulira. Mwina sankaseka ine n'komwe. Koma ndidamva kukhosi kwanga kukuyankha kokha, mokweza monga mwa chizolowezi: “Basi indisiya, achimwene! Ndidzabwera tsiku lina!”

Ndidanyamula ndowa yanga n'kuthamangira kumsewu. Basi idabwera patapita maola awiri. Maola awiri ndidakhala pa mwala, ndowa pamiyendo, ndikumva nyundo yamtengo ikugogoda pang'onopang'ono kuseri kwa masitolo. Kudali kuyenda mapazi makumi asanu okha. Sindidanyamuke.

Fanuelo tidamuika zaka zingapo zapitazo. Uthenga wa maliro ake kuno ku Mitundu ndidalengeza ndine, ndipo anthu adati tsiku limenelo mawu a Dafuleni sadafike kuchigayo.

Kale ndinkati chidandiwononga ndi sopo. Pena ndinkati ndi Nachisale, pena malaya ofiira, pena bambo anga amene adatchona. Tsopano ndakalamba, ndatopa ndi kunamizira ena. Za sopozo a Sandalamu adandikhululukira tsiku lomwelo, thovu lisanaume. Munthu uja adanditola m'fumbi, adanditcha wake, adandilondola kwathu kawiri, adandiitana kachitatu ine nditamugwira ndi ndodo pa chipata, ndipo atafa adandiitananso kudzera pakamwa pa Fanuelo. Sadafune kwa ine nkhuku kapena mbuzi. Adafuna chinthu chimodzi: kuti ndibwere mawa, anthu akundiseka. Ine amene ndinkaopseza msika wonse, chimenecho chokha ndicho ndidachiopa.

Masiku ano ndikakhala pa siteji ndimawaona akhwangwala atsopano, akulimbirana zikwama za apaulendo, maso ofiira ndi timapaketi ta mowa. Pali kalipentala wina kuseri kwa msika amene amayesa kuwatola. Mwezi wathawu mmodzi adathawako chifukwa adadula thabwa mopotoka anzake n'kumuseka. Ndidamgwira pamkono, ndidamkokera kunyumba kwanga, ndidamuonetsa ndowa. Amayi a kunyumba amasungiramo mbewu ya nyemba, chifukwa imasunga zouma zokha. Ndidamuuza zonse, za thovu, za njinga, za maola awiri pa mwala, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndidalankhula motsitsa moti mwanayo adachita kuwerama kuti amve.

Kaya adabwerera kwa kalipentala, sindidafunse. Ndikuopa yankho lake. Koma ndowa ili pomwepo pakona, ndipo msoko wake wa pansi mpaka lero sindidziwa katsekedwe kake.